Munda Wolimira Agwape

Ndili mnyamata, ntchito yomwe ndinkadana nayo kuposa ina iliyonse idali yolonda munda. Munda wathu udali womalizira m'mudzi, wochita malire ndi thengo la m'munsi mwa phiri. Masana kunkatsika anyani, usiku nguluwe, ndipo m'bandakucha agwape ndi mbawala zinkalowa mwakachetechete n'kumabudula nsonga za khobwe. Ine ndi mkulu wanga tinkasinthana kukhala pansanja, chitini ndi legeni zili m'manja, kukuwa mpaka mawu kusasa. Choncho ndidakula ndi nzeru imodzi yosalira sukulu: munthu amalima kuti adye ndi ana ake, ndipo nyama yakuthengo ikalowa m'munda ndiye kuti kwalowa mdani.

Nzeru imeneyi idandichititsa manyazi mu 2003, pamene ndinkachita maphunziro a zaulimi m'chigawo cha Alabama, kummwera kwa dziko la America. Mnzanga wa m'kalasi, wakuda ngati ine koma mbadwa ya komweko, adanditengera kwa agogo ake kumudzi Loweruka lina m'mwezi wa Sepitembala. Titadya, mkuluyo adati tikaone malo ake. Tidadutsa m'nkhalango ya paini mpaka tidatulukira pakamunda kosakwana ekala, kozunguliridwa ndi mitengo mbali zonse. Nditayang'anitsitsa mbewu yomwe idali m'menemo mtima udagunda, pakuti adali khobwe, khobwe weniweni wonga wa kwathu. Koma adali atadyedwa mochititsa chisoni. Masamba onse a pamwamba adali atatha, ndipo pansi padali mapazi okhaokha a ziboda.

"Pepani bambo," ndidatero nditagwira pakamwa, "nyama zakutherani munda. Kodi mulibe wokulonderani?"

Mkuluyo adaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, ukupepesa chiyani? Apa ndiye kuti ndakolola. Khobweyu ndidadzalira agwape."

Adandilozera kakhola ka waya kozungulira, kotalika kulekeza m'chiuno, komwe kadali pakati pa munda. Mkati mwake khobwe adali wobiriwira, wofika m'mawondo, pamene kunja sadali kupitirira m'kakolo. Adati kakholako ndi sikelo yake. Mbewu ikamafupika kunja ndi mkati momwe ndiye kuti vuto ndi nthaka kapena mvula, koma ikamakula mkati mokha ndiye kuti alendo ake akubwera ndipo akukhuta. Munda woterewu eni ake amautcha food plot. Cholinga chake n'chakuti agwape azolowere kudya pamalopo, anenepe, aswane, ndipo nyengo yosaka ikakwana mlenje asavutike n'kuwafunafuna.

Ndisanapitirire ndiyenera kulongosola dzina. Nyama yomwe ndikuitcha gwape pano kwathu kulibe. Eni ake amati whitetail chifukwa cha mchira wake woyera kunsi, umene imauimika ngati mbendera ikamathawa. Msinkhu wake ndi ngati wa mbawala yaikulu. Kusiyana kwake ndi agwape athu kuli panyanga za mphongo: zimachita nthambi ngati mtengo, zimagwa chaka chilichonse n'kumeranso zina. Omasulira Baibulo atakumana ndi abale a nyamayi m'malemba adabwereka dzina la nswala. Ine ndabwereka la gwape.

Usiku umenewo tulo tidandivuta. Ndinkadzifunsa kuti zidayamba bwanji kuti munthu wanzeru zake agule mbewu, feteleza ndi mafuta a thirakitala n'cholinga chodyetsa nyama zomwe si zake. Safunsa adadya phula, choncho ndidayamba kufunsa ndi kuwerenga. Zomwe ndidapeza n'zakuti kamunda kaja kali ndi mbiri yaitali, ndipo pansi pa mbiriyo pagona funso limodzi lomwe anthu akhala akulimbirana kwa zaka mazanamazana: kodi nyama yakuthengo ndi ya yani?

Kukopa nyama ndi chakudya si nzeru yachilendo. Azungu asanafike ku America, eni dzikolo ankatentha tchire la m'nkhalango nthawi ndi nthawi. Moto unkayeretsa pansi, msipu wanthete n'kuphuka, agwape n'kumasonkhana pamenepo. Amene adakulira kumudzi kwathu kuno sangadabwe nazo, pakuti alenje athu ankadziwa kuti palupsa pakangophuka, nyama zimabwera zokha. Minda ya chimanga, nyemba ndi maungu ya anthu amenewa nayonso inkaitana nyama, ndipo mwini munda ankabweza chimene wataya pakupha mbalayo n'kuidya. Mu 1976 katswiri wofukula zakale, Olga Linares, atafufuza mafupa a nyama pamabwinja a ku Panama, adaonetsa kuti anthu akale a kumeneko ankapeza ndiwo zambiri m'minda mwawo momwe. Munda unkabala kawiri: mbewu ndi nyama.

Azungu omwe adawoloka nyanja kupita ku America adanyamula chikumbukiro china. Ku England, William wa ku Normandy atalanda dzikolo mu 1066 adapatula madera akuluakulu kuti akhale osakiramo mfumu yokha. Limodzi mwa maderawa ndi New Forest, lomwe lidakhazikitsidwa cha m'ma 1079 ndipo dzinali lilipobe. Munthu wamba wopezeka atapha gwape m'menemo ankalangidwa mwankhanza. Nduna ndi mabishopu nawo ankapempha chilolezo chomanga mapaki awo. Wolemba mbiri ya nkhalango, Oliver Rackham, adayerekeza kuti pofika 1300 mapaki oterewa adalipo pafupifupi 3,200. Paki inkazunguliridwa ndi mtumbira wokhala ndi mpanda pamwamba ndi ngalande mkati, ndipo penapake ankasiya podumphira popangidwa mwaluso kuti gwape wakunja athe kulowa koma alephere kutuluka. M'nyengo yachisanu antchito ankadula nthambi ndi kumwaza udzu wouma kuti nyamazo zisafe ndi njala. Mu 1723 nyumba yamalamulo idafika pokhazikitsa lamulo lotchedwa Black Act, lomwe linkalola kunyonga munthu wosaka agwape atadzibisa nkhope. Kumeneko yankho la funso lathu lidali losabisika: gwape ndi wa mwini mpanda.

Anthu osauka omwe adachoka ku England atafika ku America adapeza dziko lomwe gwape adalibe mwini. Akatswiri amayerekeza kuti panthawiyo agwape a mchira woyera adalipo pakati pa 24 ndi 33 miliyoni. Aliyense wokhala ndi mfuti ankangopha. Ngakhale kuti tauni ya Portsmouth ku Rhode Island idaletsa kusaka m'miyezi ina kale mu 1646, malamulo otere adalibe owalondera. Chomwe chidathetsa nyama kwambiri adali malonda a zikopa. Pakati pa 1699 ndi 1715 doko la Charleston lokha linkatumiza ku Ulaya zikopa zoposa 50,000 pachaka. Alenje ake ambiri adali eni dziko, monga a mtundu wa Creek ndi Cherokee, omwe ankasinthanitsa zikopa ndi mfuti, nsalu ndi mowa, ndipo ambiri adakodwa m'ngongole. Chikopa cha mphongo chidasanduka ngati ndalama, n'chifukwa chake mpaka lero dola imatchedwa buck, lomwe ndi dzina la mphongoyo.

Nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865 kudabwera njanji, mfuti zowomba kambirimbiri osaikamo chipolopolo china, ndi mabogi ozizira onyamula nyama kupita m'mizinda. Nkhalango zidagwetsedwa kuti pakhale minda ya thonje ndi tirigu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Pofika 1900 m'dziko lonselo mudatsala agwape osaposa 500,000, ndipo ku Alabama akuti adatsala pafupifupi 2,000 okha. Mkulu uja adandiuza kuti adakula osaonapo gwape. Ndiwo za ubwana wake zidali akalulu ndi agologolo. Tsiku lomwe adaona mapazi a gwape koyamba, ali kale bambo wa ana, adaitana anzake kuti adzaone ngati malodza.

Adandiuzanso chinthu china chomwe mabuku adadzanditsimikizira. Akapolo atamasulidwa, kusaka ndi kuwedza kudali njira imodzi yoti munthu wakuda adye popanda kugwadira mwini munda wa thonje. Zigawo zambiri za kummwera zidakhwimitsa malamulo oletsa kuponda malo a eni, ndipo mwa zolinga zake china chidali chakuti anthu omasulidwawo abwerere kuganyu. Atate a mkuluyo adalima minda ya eni moyo wawo wonse, kugawana zokolola ndi mwini malo. Maekala 60 omwe tinkayendamowo adagula yekha pang'onopang'ono. Kwa iye kusaka pamalo akeake sadali masewera wamba.

Chodabwitsa n'chakuti malamulo omwewo, atagwiritsidwa ntchito mwanjira ina, ndiwo adabweza gwape. Kale mu 1842 khoti lalikulu la dzikolo, pamlandu wa Martin ndi Waddell wokhudza nkhono za m'madzi ku New Jersey, lidagamula kuti zomwe kale zidali m'manja mwa mfumu ya England tsopano zili m'manja mwa anthu onse. Pamaziko amenewa padakula mfundo yakuti nyama yakuthengo si ya mwini malo omwe yaimapo, koma boma limaisunga m'malo mwa mtundu wonse. Mu 1900 lamulo la Lacey lidaletsa kudutsitsa m'malire a zigawo nyama yophedwa mophwanya malamulo, ndipo malonda a nyama zakuthengo adayamba kufa. Mu 1937 lamulo la Pittman ndi Robertson lidapatula msonkho wa mfuti ndi zipolopolo, umene lero ndi 11 peresenti pamfuti zazitali, kuti uzipita kuntchito yosamalira nyama. Ndi ndalama zimenezi, kuphatikizapo za malaisensi, zigawo zidagula malo, zidalemba akatswiri, ndipo zidagwira agwape komwe adatsalako n'kukawatula komwe adatha.

M'zaka zomwezo ndi momwe mudabadwira munda wodzalira nyama monga tikuudziwira lero, ndipo udayambira pambalame. Herbert Stoddard, yemwe adafufuza zinziri za mtundu wa bobwhite m'malire a Georgia ndi Florida, adatulutsa buku mu 1931 lomwe lidalimbikitsa kutentha tchire mwadongosolo ndi kudzala timinda ta chakudya. Mu 1933 Aldo Leopold, yemwe adakhala mphunzitsi pa yunivesite ya Wisconsin, adatulutsa buku lotchedwa Game Management. Mfundo yake idali yakuti nyama zakuthengo ndi zokolola za nthaka, ndipo zida zomwe zidazitha, monga nkhwangwa, pulawo, ng'ombe, moto ndi mfuti, zingathenso kuzibweza zikagwiridwa mwanzeru. Koma Leopold yemweyo adachenjeza. Mu 1935 adapita ku Germany komwe adaona nkhalango zodzaza agwape odyetsedwa ndi anthu, timitengo tonse ta pansi titadyedwa, ndipo sadakondwe nazo. Ankadziwanso zomwe zidachitika kumapiri a Kaibab ku Arizona, komwe boma lidaletsa kusaka mu 1906 n'kupha mimbulu ndi mikango ya puma. Agwape a kumeneko adachuluka, adadya tchire lonse, kenaka cha m'ma 1924 adayamba kufa ndi njala miyandamiyanda.

Gwape wa mchira woyera sadachedwe kubwerera. Alimi ambiri adasiya minda kupita m'mizinda, ndipo masala awo adamera zitsamba zomwe nyamayi imakonda. Zilombo zolusa zidali zitatha. Ntchentche ya screwworm, yomwe mphutsi zake zinkapha ana a agwape kudzera pamchombo, idathetsedwa kummwera chakuvuma pofika 1959. Gwape wamkazi wodya bwino amaswa awiri chaka ndi chaka. Lero akuyerekeza kuti agwapewa alipo pafupifupi 30 miliyoni, ndipo ku Alabama kokha aposa miliyoni imodzi.

Nyama zitachuluka, khumbo la alenje lidasintha. Kungopha gwape sikudalinso nkhani. Nkhani idali kupha mphongo yokhwima, ya nyanga zotambalala zokapachika pakhoma. Mu 1975 Al Brothers ndi Murphy Ray a ku Texas adalemba buku lotchedwa Producing Quality Whitetails, lomwe lidaphunzitsa kuti nyanga zabwino zimafuna zinthu zitatu: zaka, chakudya ndi mtundu. Mu 1988 Joe Hamilton adayambitsa bungwe la Quality Deer Management Association ku South Carolina, lomwe mu 2020 lidaphatikizana ndi lina n'kukhala National Deer Association. Uthenga wake udali wakuti mphongo zazing'ono zisiyidwe zikule, zazikazi ziphedweko kuti chiwerengero chilingane ndi chakudya, ndipo malo asamalidwe. M'chaka chomwecho cha 1988 Ray Scott, yemwe adatchuka ndi mipikisano yowedza nsomba, adatsegula kampani ya Whitetail Institute ku Alabama n'kuyamba kugulitsa mbewu ya clover yokonzedwera agwape. Kuchokera pamenepo matumba a mbewu okhala ndi chithunzi cha mphongo adadzaza m'masitolo, ndipo kamunda ka m'nkhalango kadasanduka malonda aakulu.

Mwezi wa Okutobala ndidabwerera kukathandiza mkulu uja kudzala mbewu za nyengo yozizira. Ndidaona kuti ntchitoyo ndi ulimi weniweni, wosalola ulesi. Adali atatumiza kale dothi kukapimitsa. Nthaka ya m'nkhalango za paini imakhala ndi asidi wambiri, pamene clover amafuna muyeso wa pH wa pakati pa 6 ndi 7, choncho miyezi ingapo m'mbuyomo adali atamwaza laimu woposa tani imodzi. Adati munthu wothira feteleza osayamba wathira laimu akungotaya ndalama, chifukwa mizu singathe kumwa chakudyacho. Tidagalauza khobwe wotsala uja kuti awolere pansi, popeza mbewu za mtundu wa nyemba zimasiya chonde. Tidafesa tirigu ndi oats, kenaka pamwamba tidawaza clover, kachitsamba ka masamba atatuatatu komwe njere zake n'zazing'ono kwambiri ndipo sizifuna kukwiriridwa kwambiri. Njerezo adazipaka tizilombo tothandiza mizu kukoka chonde mumpweya, monga alimi a soya amachitira kwathu kuno. Kumapeto kwa munda tidafesa repu ndi tanaposi wa mizu ikuluikulu, zomwe agwape amazilimbira mbewu zina zikauma ndi chisanu.

Chaka chake chidali chogawika pawiri. M'chilimwe chawo, agwape aakazi akamayamwitsa ndipo mphongo zikamameretsa nyanga, nyamazi zimafuna chakudya chomanga thupi chokwana pafupifupi 16 peresenti, ndiye amadzala khobwe, soya kapena nkhungudzu. M'nyengo yozizira amadzala zija tidafesazi. Pakatipo pali kutchetcha clover kuti aphuke wanthete, kupopera mankhwala a udzu, ndi kudulira nthambi zotchinga dzuwa. Ena amafika pomanga mpanda wamagetsi kuti agwape asalowe mpaka soya atakula, apo ayi amamudya akangomera. Nditamva zimenezo ndidaseka ndekha: munthu kutchingira agwape munda wa agwape omwewo. Khobwe ndi nkhungudzu zidandikhudza mwapadera. Khobwe ndi mbewu ya mu Africa muno yomwe idawoloka nyanja m'nthawi ya malonda a akapolo. Idadyetsa makolo a mkuluyo ali muukapolo, ndipo tsopano mdzukulu wawo ankaidzalira nyama pamalo akeake.

Walira mvula walira matope. Agwape ochulukawa amachititsa ngozi zapamsewu zoposa miliyoni imodzi pachaka. Amawononga mbewu za alimi enieni, amadya timitengo tomwe tikadalowa m'malo mwa mitengo yokalamba, ndiponso amanyamula nkhupakupa zofalitsa matenda a Lyme. Choopsa kwambiri ndi nthenda yowondetsa yotchedwa chronic wasting disease, yomwe idaoneka koyamba mu 1967 pa agwape osungidwa mumpanda ku Colorado. Imawononga ubongo, ilibe mankhwala, imafala kudzera m'malovu, mkodzo ndi ndowe, ndipo imakhala m'nthaka zaka zambiri. Idapezeka ku Wisconsin mu 2002, ku Alabama idalengezedwa mu 2022, ndipo yafika m'zigawo zoposa 30. Chilichonse chosonkhanitsa nyama pamalo amodzi chimaipatsa mpata.

Apa ndi pomwe pali mkangano womwe udandikumbutsa kwathu. Malamulo a zigawo zambiri amasiyanitsa munda ndi nyambo. Ukadzala chimanga n'kuchisiya chilili m'munda, gwape n'kubwera, iwe n'kumuwombera, ndiwe mlenje wolemekezeka. Ukagula thumba la chimanga chomwecho n'kuchikhuthula pansi pa mtengo, m'madera ena ndiwe wophwanya lamulo. Oikira kumbuyo munda amati umadyetsa nyama zamitundumitundu chaka chonse, ndipo agwape amadya motayana, osati milomo pamodzi ngati pamulu wa chimanga. Otsutsa amati kusiyana kwake ndi thirakitala basi: wolemera amadzala nyambo yake, wosauka amaisenza pamsana. Zigawo nazo sizigwirizana. Mu 2019 Michigan idaletsa nyambo m'dera lake lonse la kummwera poopa matenda, pamene chaka chomwecho Alabama idailoleza pamalo a eni kwa aliyense wogula chiphaso, cha madola 15 kwa nzika ya m'chigawocho.

Mu Januwale 2004 mkuluyo adanditenga kuti ndikaonerere kusaka. Kumapeto kwa munda kudali kanyumba kamatabwa koimikidwa pamilongoti inayi. Nditakwera ndidazindikira kuti ndabwerera pansanja ya ubwana wanga. Kusiyana kwake kudali kwakuti pano chitini chidalibe ntchito, ngakhale kutsokomola kudali koletsedwa. Kanyumbako adakaika mbali yomwe mphepo imawombera kuchokera kumunda, kuti fungo lathu lisafike kunyama. Tidakhala duu maola awiri, kuzizira kukulowa m'mafupa. Dzuwa likulowa kudatuluka yaikazi ndi ana awiri, makutu ali tcheru. Pambuyo pake idatuluka mphongo ya nyanga zanthambi zitatu mbali iliyonse. Ndidamva mtima wanga ukugunda m'makutu. Mkuluyo adaiyang'ana nthawi yaitali, mfuti ili pamiyendo, osaikweza.

"Bwanji simudawombere, bambo?" ndidafunsa tikutsika mumdima.

"Ndi mwana uja. Akufunika zaka zina ziwiri."

"Nanga zaka ziwirizo zikatha mudzamupeza?"

Adaima n'kuloza kumadzulo. Kuseri kwa waya wake kudali malo a maekala masauzande omwe kalabu ya anthu olemera a mumzinda idachita lendi kukampani ya mitengo. Iwo adali ndi minda khumi ndi umodzi, mathirakitala awiri ndi makamera omangirira m'mitengo. "Lamulo limati gwape ndi wa tonse," adatero, "koma amakagona kwa amene wathira feteleza wambiri. Ine ndimamulera, iwo n'kudzamupachika pakhoma. Komabe ndikamuwombera lero ndiye kuti ndayamba kufanana ndi aja adawatha poyamba."

Mawu amenewa ndiwo adandimasulira mbiri yonse. America idathawa mpanda wa mfumu ya England n'kulengeza kuti nyama ndi ya aliyense. Mfundo imeneyi, pamodzi ndi ndalama za alenje, idapulumutsa gwape ali pafupi kutha, ndipo palibe angatsutse zimenezo. Koma munda wodzalira nyama ukubweza paki yakale ija mwakachetechete, popanda mtumbira kapena ngalande. Wokhala ndi malo ndi ndalama amakokera kwake chuma cha mtundu wonse, pamene wopanda malo amathithikana ndi anzake m'nkhalango za boma kapena kusiyiratu kusaka. Munda womwewo ndi chisamaliro, ndiponso ndi msampha, ndipo palibe khoti lomwe lidakwanitsa kulemba mzere woonetsa pomwe china chimathera ndi pomwe china chimayambira.

Mzere umenewo agogo anga aamuna adaudziwa ndi thupi lawo. Kuno kwathu boma la atsamunda lidayamba kuika malamulo a nyama mu 1897, chaka chomwe lidapatula dambo la Elephant Marsh kuchigwa cha Shire, ndipo lamulo la 1926 lidakhwimitsa zinthu. Kusaka kolemekezeka kudakhala kwa munthu wa mfuti ndi laisensi, pamene uzimba, maukonde ndi mbuna zidayamba kuonedwa ngati nkhanza ndi umbava. Amayi ankatisimbira kuti agogo ankasiya dala mzere wa khobwe osakolola kumapeto kwa munda, n'kukumba mbuna panjira yomwe nyama zinkatsikira kuchokera kuphiri. Chaka china, amayi ali mtsikana, mudagwa mbawala, ndipo wina adakawaneneza. Pamlandu agogo adati nyamayo inkawadyera mbewu. Woweruza adafunsa kuti mbunayo idali mkati mwa munda kapena kunja. Idali kunja, mapazi khumi okha kuchokera pamzere womaliza. Adalipa mbuzi ziwiri, ndipo sadakumbenso mbuna mpaka imfa yawo. Mzere wa khobwe uja adausiya, ndipo ntchito yolimbana ndi nyama idatsalira ana ndi zidzukulu pansanja.

Amuna awiriwa sadadziwane, ndipo pakati pawo padali nyanja yamchere. Onse adadzala khobwe m'mphepete mwa thengo, onse ankadziwa kuwerenga mapazi ndi mphepo, onse ankafuna ndiwo za ana awo. Wina adatchedwa wosamala chilengedwe, wina wakuba nyama. Sindikunena kuti tiyambe kulimira mbawala, pakuti mabanja ambiri kwathu kuno alibe ngakhale malo okwanira chimanga chawo, ndipo nyama zomwe zatsala zili m'malo otetezedwa ndi lamulo. Chomwe ndidaphunzira n'chakuti mkulu wa ku Alabama uja ankatha kutsitsa mfuti chifukwa ankadziwa kuti lamulo limamuwerengera gawo pa gwape wa mawa, ngakhale gawolo likhale lochepa. Agogo anga adalandidwa gawo lawo lonse, ndipo kuyambira tsiku limenelo nyama iliyonse yotsika m'phiri idali mdani basi.

Ndisanabwerere kumudzi mu 2005 ndidapita kukatsazika. Udali mwezi wa Meyi, ndipo ndidampeza mkuluyo akukonzekera kudzalanso khobwe. Mphongo ija sadaionenso. Adatapa njere zodzaza dzanja m'thumba n'kundionetsa, akuseka, kuti ndione ngati zikufanana ndi za kwathu. Zidali zomwezo, zofiirira, zazing'ono, za kadiso pambali. Ndidazigwira pang'ono n'kuzibwezera m'thumba, kenaka ndidamuthandiza kusenza kakhola ka waya kaja kukakaimika pakati pa munda.